Gogodela Imene Sindinaitsuke

Kwathu ku Ntcheu bambo anga anali ndi mfuti ya gogodela, ija yothira wonga kukamwa n'kugogoda ndi ndodo. Ankaopsezera nguluwe ndi anyani kumunda wa chimanga. Lamulo lawo pa mfutiyo linali limodzi, ndipo ana tonse tinaliloweza tisanadziwe n'kuwerenga komwe: chitsulo sichisamba. Akabwera kumunda ankaipukuta ndi kansanza konyika m'mafuta a njinga, n'kuipachika pamwamba pa khomo. Tsiku lina mchemwali wanga anangoikhudza ndi manja onyowa, ndipo mawu a bambo anamveka mpaka kuchitsime.

Lamulolo ndinapita nalo ku Leicester, kumene ndinakayamba ntchito ya unamwino, osadziwa n'komwe kuti ndalinyamula.

Ine ndi amuna anga tinkakhala ku Spinney Hill, m'nyumba zija zogundana makoma, zoti mnzako akayetsemula iwe umamva. Khomo loyandikana ndi lathu linali la mzungu wina wachikulire, mmodzi mwa ochepa amene anatsala mumsewu wathu anzawo atasamukira kunja kwa tauni. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yokonza makina olukira masokosi. Ife tinkangowatchula kuti madala. Akazi awo atadwala kwambiri, ndinkalowa kwawo ndikaweruka kukawathandiza kutembenuza wodwalayo ndi kumusintha zofunda, mpaka tsiku limene anatisiya. Madala sanali munthu wodziwa kunena zikomo. Patapita mwezi maliro atachitika, anandiitana n'kundiuza kuti pali chinthu chimene akufuna ndione. Anatsegula kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, n'kutulutsa mfuti yaitali.

Ndinaseka mpaka kugwira chitseko. Ndinawauza kuti iyi ndiye ndikuidziwa, ndakula nayo. Iwo ankaganiza kuti ndithawa, ndiye anangoti kukamwa yasa.

Ya bambo inkalira ndi kakapu kamkuwa koyatsira wonga. Iyi inali ya mtundu wakale kuposa pamenepo, yokhala ndi kamwala kopanidwa pambali, koti ukakoka chowombera kamakhula chitsulo n'kuthetheketsa moto pa wonga. Madala anaipanga okha ali mnyamata wa ukwati watsopano. Anagula mpope wake, chitsulo chachitali chija mumadutsa chipolopolo, kenako anasema okha thabwa, n'kulumikiza zonse m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Pamwamba pa mpopewo anazokota dzina la akazi awo. Zilembo zake zinali zopendekeka, koma zinali zawo.

Loweruka lotsatira ananditenga ku kalabu yawo yowombera mfuti, kunja kwa tauni, pamalo pamene kale ankaphwanyapo miyala. Ndinawombera kamodzi, utsi unandiphimba kumaso, fungo lake linandifikitsa kumunda kwa bambo, ndipo basi ndinakodwa. Amuna anga, amene amayendetsa basi, sanachedwe kundipeza.

"Azimayi anzanu Loweruka ali ku kwaya," ankatero, "inu muli kunkhondo. Ndikafunsidwa kutchalitchi ndizinena kuti chiyani?"

"Muziti akazi anga amalasa pakati. Sadzakufunsaninso."

Chinthu chimodzi chokha chinkandiwawa m'maso. Tikabwerako, madala ankatereka ketulo, kuchotsa mpope pathabwa, kuimika kumunsi kwake m'ndowa, n'kuthira madzi otentha m'kati. Madziwo ankatuluka akuda bii, onunkha ngati mazira owola. Ankathira, kupopa ndi ndodo, kuthiranso, mpaka atuluke oyera, ndiye kenako kuumitsa n'kupaka mafuta. Anandifotokozera kangapo kuti wonga ukapsa umasiya mchere m'kati, mcherewo umakoka chinyontho, ndipo mafuta amangouphimba, sauchotsa. Ndinkagwedeza mutu mwaulemu. Mumtima ndinkati azungu amakonda kusambitsa chilichonse, ngakhale agalu.

Patapita zaka zingapo manja a madala anayamba kunjenjemera. Poyamba ankataya wonga pansi, kenako anayamba kulephera kuloza. Iwo eni anaona kuti nthawi yakwana, anabweza mapepala awo a chilolezo cha mfuti kupolisi. Apa n'kuti ine nditapeza anga, wapolisi atabwera kudzagwedeza kabati yanga ya pansi pa masitepe n'kukhutira kuti siizuka. Tsiku lopatsana mfutiyo anaigwira nthawi yaitali asanaisiye.

"Ndilibe mwana woti ndimusiyire," anatero. "Muisamale."

Ndinalonjeza, ndipo ndinkanena zoona. Vuto linali lakuti kusamala kwanga kunali kwa ku Ntcheu. Mfuti itangokhala yanga, popanda diso la madala, ndinaona kuti zothira madzi m'chitsulo chabwino chotere zatha. Ndinkaipukuta bwinobwino ndi nsanza ya mafuta, m'kati ndi kunja, mpaka iwale. Ndinachita zimenezi Maloweruka atatu otsatizana, ndikudziona wanzeru. Sindinaganizeko kuti mfuti ya bambo inkakhala m'nyumba youma, ya utsi, pamene yanga ikugona m'kabati yotsamira khoma limene limachita thukuta chaka chonse.

Kenako chisanu chinafika. Amene anagwirapo ntchito m'chipatala cha kuno nyengo yozizira akudziwa. Odwala mpaka m'makhonde, anzathu akudwala, ife otsala tikuphatikiza mashifiti. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kabatiyo sindinaitsegule ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsiku limene ndinaitsegula, kunja mfutiyo inali yokongola ngati kale. Ndinakulunga kansanza koyera kundodo n'kulowetsa. Ndodo inayenda mokhakhala, ikukodwakodwa. Kansanzako kanatuluka kofiira ngati dothi la katondo. Ndinalowetsa kena, n'kena, n'kenanso, onse kutuluka chimodzimodzi. Pamenepo ndiye ndinatereka ketulo, ine yemwe uja, koma madzi akatayika saoleka. Ndinakhala pansi m'khitchini, mpope uli pamiyendo, mutu utaima.

Amuna anga anandipeza choncho.

"Mwatani? Yabulokeka?"

"Yachita dzimbiri."

"Simunkaikilina kodi?"

"Ndinkaika oyilo."

"Oyilo basi? Madala aja sankaboyilitsa ketulo?" Anaima kaye, akundiyang'ana. "Nesi wathunthu, wondithamangitsa ine kukasamba m'manja ndikangogwira chitseko cha basi, walephera kusambitsa paipi imodzi?"

Ndinawakalipira kuti achoke pamaso panga, ndipo anachokadi, koma mapewa awo akugwedezeka ndi phwete. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ankanena zoona.

Munthu wina wa ku kalabu anandilozera kwa mmisiri wa mifuti amene anali ndi shedi yake m'kamudzi ka kufupi ndi Derby. Sindinamuuze wa ku kalabuyo chifukwa chake. Mmisiriyo anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Anagwetsera kanyali kakang'ono m'mpope, n'kusuzumira nthawi yaitali. Kenako anandipatsa kuti ndione ndekha. M'kati mwa mfuti yotere mumakhala timizere tozokotedwa mopota, timene timazunguza chipolopolo kuti chiziyenda mowongoka. Timizereto tinali titadyeka, ndipo cha kumunsi kunali timaenje ngati nkhope ya munthu amene anadwalapo nthomba.

"Munaipaka mafuta osaitsuka," anatero. Sikunali kufunsa.

Anandiuza kuti njira zilipo ziwiri. Yosavuta inali kutaya mpopewo n'kuika watsopano. Ndinamuonetsa dzina lozokotedwa lija, ndipo anamvetsa ndisanamalize. Njira inayo inali kuboola m'kati kuti bowo likule, dzimbiri lonse lichoke pamodzi ndi chitsulo chodyekacho, kenako kuzokotanso timizere tatsopano. Mfutiyo inali ya saizi 45, ikanasanduka ya 50. Kunja ikanakhala yomweyo, dzina lili pomwepo.

Mtima unayamba kutsika, koma iye anakweza chala. Kuboola kumapepuza khoma la mpope. Ndipo lamulo la dziko lino limati mfuti ikakuzidwa bowo iyenera kukayesedwanso ku Birmingham, kunyumba yoyesera mifuti. Kumeneko amaithira wonga wochuluka kuposa umene munthu wanzeru angathire, kuitsekera m'chipinda, n'kuiwombera ali panja. Ikapirira amaidinda chizindikiro. Ikapanda kupirira imatupa kapena kuphulika, ndipo palibe amene amakupepesa.

Ndinavomera, chifukwa panalibenso mtengo wina wogwira. Ndinalembera kupolisi kuti asinthe saizi pa pepala langa, n'kudikira milungu yambiri. Atavomera, ndinasiya mpope kwa mmisiri uja, amenenso anali ndi mzere wake wa ntchito. Chilimwe chonse chinapita choncho.

Ndiye ndinene zimene ndimachita nazo manyazi kuposa dzimbiri lija. Madala sindinawauze. Mpanda wa pakati pa nyumba zathu unali wofika m'chiuno, ndipo nthawi iliyonse ndikamayanika zovala ankatulukira.

"Ikulira bwanji?"

"Ikulira bwino, madala."

"Simunditenganso Loweruka."

"Ntchito, madala. Tikuchepa kuwodi."

Ndinali nditakonza zonse m'mutu. Mfuti ikabwera ndidzangoibweza m'kabati, ndipo iwo ndi maso awo okalambawo sadzaona kusiyana. Koma manja onjenjemera aja anali asanasiye ntchito. Madala ankakhala patebulo akudula tinsalu tozungulira tokutira chipolopolo, kutipaka mafuta, kutisanja m'zitini za masiwiti, n'kundipatsira pampanda. Tsiku lina anabwera ndi chikombole chawo, chija choumbira zipolopolo za mtovu, n'kunena kuti ndikapeza mpata tidzaumbe pamodzi, iwo azindiuza ine ndizithira. Ndinachilandira ndikumwetulira. Chikombolecho chinali cha 45. M'bowo latsopano chipolopolo chake chikanangogubuduka chokha mpaka pansi, ndipo munthu amene wagogoda mfuti imeneyo kuyambira ndisanabadwe akanamva ndi dzanja lokha.

Amuna anga ataona chikombole patebulo sanaseke ulendo uno.

"Amayi, kawauzeni. Mukudileya chiyani? Munthu uja amakutengani ngati mwana wake. Akadzazitulukira yekha zidzakhala wesi."

"Ndidikire kaye rizalti."

"Mukufuna mukapepese mutanyamula mfuti yabwino. Kupepesa kotero n'kophweka."

Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Koma sabata yomweyo mmisiri anaimba foni. Anati kuboola kwatha, timizere tatuluka bwino, m'kati mukuwala. Kenako anatsokomola. Pansi pa mpope pamakhala timipata tosemedwa, tolowetsamo tizitsulo togwiritsa mpope kuthabwa. Anati kampata kamodzi, amene anakasema anapitiriza, ndi kakuya kuposa tinzake, ndipo tsopano pamenepo khoma latsala lopyapyala. Mwa kuyeza kwake linali lokwanira, koma sakanalumbira. Mawa lake ankautumiza ku Birmingham.

Nditatseka foni ndinaona kuti ngati mpopewo uphulike, ndidzapita kwa madala ndi zidutswa, n'kuwauza nthawi imodzi kuti ndinawononga, ndinanama, ndipo palibenso chotsala. Ndinavula epuloni n'kukagogoda.

Ndinawapeza akumwa tiyi ndi manja awiri. Kwathu munthu wolakwa sapepesa ali chiimire, ndiye ndinagwada pakapeti pawo, ine mayi wamkulu wa mawondo olira. Iwo anadzidzimuka n'kundiuza kuti ndidzuke, koma ndinakana. Ndinanena zonse, kuyambira mafuta mpaka Birmingham. Sindinabise za bambo anga, ngakhale ndinaona ndekha kuti zikumveka ngati ndikukankhira mlandu kwa munthu amene anagona kalekale.

Kapu inkagunda sosa, go go go.

"Dzimbiri limagwira aliyense," anatero kenako. "Koma miyezi yonseyi ndakhala ndikudula tinsalu ta mfuti imene kulibe."

Pepani sapoletsa chilonda.

"Ndipo mwapereka kwa munthu wina kuti aidule osandifunsa. Mukanandifunsa ndikanakuuzani za kampata ka pakati. Tchizulo inanditerereka tsiku limenelo. Ndakhala ndikukadziwa moyo wanga wonse."

Ndinawauza kuti mmisiri wakaona kale, ndipo ndi komweko kamene kakumudetsa nkhawa. Nkhope yawo inasintha. Anaika kapu pansi, n'kundiuza mwaulemu kwambiri kuti atopa, akufuna kupuma. Ulemu umenewo unandiwawa kuposa kukalipa. Akanandilalatira ndikanadziwa pogwira.

Milungu itatu inadutsa. Ndikamayanika zovala, chitseko chawo cha kuseri chinkakhala chotseka. Zitini zinasiya kubwera. Ndinawaphikira kawiri n'kutuma amuna anga, mbale zinabwera zotsukidwa, ndi mawu akuti zikomo basi. Ndinkamva wailesi yawo kudzera kukhoma, ndinkamva akutsokomola, koma munthu osamuona. Kuntchito foni ndinkaisiya m'loka monga mwa lamulo, ndipo buleki iliyonse ndinkathamangira kukaiona ngati mtsikana wodikira chibwenzi. Mnzanga wina wa ku Zambia, amene tinkagwira naye wodi imodzi, anandifunsa ngati kumudzi kuli matenda. Ndikanamuuza bwanji kuti ndikuonda chifukwa cha paipi? Ndinkapemphera, ndipo ndinkachita manyazi ndi pempherolo, chifukwa pabedi lililonse panali munthu wa vuto lenileni. Koma ndinkapempherabe. Ndinkadziwa kuti mpope uja ukaphulika, madala adzakhala ndi zinthu ziwiri zowadya, kupusa kwanga ndi tchizulo yawo, ndipo sindinkaona mmene tingadzayang'anirane pampanda.

Foni inabwera Lachinayi masana, ndili ndi sangweji kukamwa. Nditaona nambala ya mmisiri ndinayankha pomwepo.

"Wabwera," anatero. "Audinda. Sunatupe paliponse. Mudzautenge Loweruka."

Ndinamufunsa kawiri ngati akunena mpope wanga, wa dzina pamwamba. Anati palibenso mayi wina amene amamuimbira foni Lolemba lililonse. Ndinakhala pabenchi ya m'chipinda chosinthira n'kulira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Mnzanga wa ku Zambia uja analowa n'kundikumbatira, akuti pepani, pepani, ndani watisiya? Ndinamuuza kuti palibe, zonse zili bwino, ndipo ndinayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. Mpaka lero amandiyang'ana mokayikira.

Ndinaweruka dzuwa likadalipo. M'basi ndinkaona ngati dalaivala akuchita dala kuima pa siteji iliyonse. Nditatsika sindinalowe n'kwathu komwe. Ndinadutsa pa butchala ya pakona, mwini wake akundipatsa moni ine osayankha bwino, n'kukagogoda kwa madala ndili m'yunifolomu.

Anatsegula pang'ono, tcheni chili chokoleka. Anandiyang'ana kumaso, ndipo ndisanatsegule pakamwa anatseka chitseko. Mtima unagwa. Kenako ndinamva tcheni chikulimbana ndi zala zawo, ndipo chitseko chinatseguka chonse.

"Wapirira?"

"Wapirira, madala. Audinda."

Anabwerera chafutambuyo n'kukhala pa sitepe yachiwiri, atagwira chipilala. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndinaona kuti aonda, ndevu sanamete masiku angapo. Pamenepo ndinazindikira kuti milungu itatu ija sankangondikwiyira ine. Nawonso ankadikira foni yomweyo, ali okha, popanda wodi yowatangwanitsa.

Ndinali nditakonza mawu m'basi, ndiye ndinawanena. Ndinati mfuti yapulumuka, koma ine ndaonetsa kuti sindine woyenera kuisunga. Asankhe munthu wina ku kalabu, ndidzasaina mapepala popanda kudandaula.

Madala analoza kashelefu ka pafupi ndi chitseko, pamene ankaikapo makalata, n'kundiuza kuti nditenge kaphukusi kamene kanali pamenepo. Kanali kolemera, kotsegulidwa kale mbali imodzi. M'kati munali chikombole chatsopano, chonyezimira, chikadali ndi mafuta a kufakitale. Pambali pake panadindidwa saizi ya bowo latsopano.

"Mwachipeza liti chimenechi?"

"Ndinaitanitsa m'mawa mwake, mutangobwera kudzandigwadira pakapeti. Chakhala pamenepo milungu iwiri."

"Nanga ukanaphulika?"

"Ndikanakupatsanibe," anatero, akuyang'ana pansi. "Ndinalibe njira ina yokuuzirani kuti mfutiyo ndi yanube. Kungoti ndinkaopa kugogoda."

Ndinakhala pa sitepe ya pansi pawo, chikombole chili m'manja, tonse awiri tikuyang'ana chitseko chotsegula ndi anthu odutsa mumsewu. Patapita nthawi anandifunsa ngati Loweruka m'galimoto mudzakhale malo, chifukwa ankafuna akamuone okha munthu amene anaboola mpope wawo. Ndinawauza kuti adzakhale atameta pofika eyiti koloko.